Anagundana mutu pa mpira, nanga mtima ukuthamangiranji?

Funso: Ndimaphunzitsa timu ya anyamata osapitirira zaka 17 kuno ku Zomba. Masabata awiri apitawa mnyamata wanga wa zaka 16, wotchinga kumbuyo, anagundana mutu ndi mnzake polimbirana mpira wam'mwamba. Sanakomoke. Anadzandira pang'ono, tinamuthira madzi, n'kumaliza masewero. Mutu unamupweteka masiku angapo kenako unaleka. Koma pano akangodzuka pamene wakhala amaona chidima, mtima umathamanga, ndipo akazungulira bwalo kamodzi kokha mutu umayambiranso. Kuchipatala anamuyeza malungo sanapezeke, BP anati ili bwino. Anzake akuti ndi ulesi, mayi ake akuopa kuti ndi matenda a mtima ngati a osewera aja amangogwa pabwalo. Kodi kugunda mutu kungakhudze mtima? Nanga ndimuyambitse liti?

Yankho: Akochi, kungakhudze ndithu. Womuyeza mnyamatayo maso ndi maso ndi amene angatsimikize, koma zimene mwafotokozazi zikugwirizana kwambiri ndi zomwe zimachitika ubongo ukagwedezeka m'chibade, vuto limene madokotala amati concussion. Si ulesi ayi. Ndipo nthawi zambiri mtima weniweniwo umakhala uli bwinobwino. Chimene chimasokonekera ndi ulamuliro umene ubongo uli nawo pa mtima ndi mitsempha ya magazi.

Kusakomoka kuja kusakupusitseni. Mwa osewera 10 ovulala motere, wokomoka amakhala mmodzi kapena palibe. Kudzandira kokhako kunali kokwanira kumutulutsa, ndipo ndinene mosabisa kuti sanayenere kumaliza masewero aja. Madzi ozizira amadzidzimutsa munthu n'kuoneka ngati watsitsimuka, koma safika ku ubongo. Si inu nokha amene munapusitsidwapo chonchi. Mu ndime yomaliza ya chikho cha dziko lonse cha 2014 ku Rio de Janeiro, Christoph Kramer wa Germany anagunda mutu paphewa la Ezequiel Garay wa Argentina, n'kupitiriza kusewera pafupifupi mphindi 14 madokotala a timu ali pomwepo. Anafika pofunsa oyimbira, Nicola Rizzoli, ngati masewerowo analidi a ndime yomaliza. Kuyambira pa 1 Julayi 2024 malamulo a mpira amalola mipikisano kupatsa timu mwayi wina wapadera wosintha wosewera amene akuganiziridwa kuti wavulala ubongo, n'cholinga choti kochi asamaumire kumutulutsa.

Kuti muone pamene mtima ukulowera, yambani ndi njala ya ubongo. Ubongo wa munthu wamkulu umalemera pafupifupi makilogalamu 1.4, omwe ndi 2 peresenti chabe ya thupi, koma umalandira pafupifupi 15 peresenti ya magazi onse amene mtima umapopa ndipo umadya 20 peresenti ya okosijeni. Susunga chakudya chambiri chapambali, umadalira chimene magazi abweretsa nthawi yomweyo. Ukagwedezeka, maselo ake amakokeka, mchere wa potaziyamu umatuluka m'maselomo, kashiamu n'kulowa. Kuti abwezeretse zinthu m'malo mwake maselowo amafuna shuga wochuluka kuposa masiku onse, koma nthawi yomweyonso magazi ofika kumeneko amakhala atachepa. Zonsezi sizioneka pa CT scan, makina ojambula mkati mwa mutu, chifukwa palibe chimene chathyoka kapena kukha magazi. N'chifukwa chake munthu amatha kuuzidwa kuti chithunzi chili bwino iye akuvutikabe.

Tsono muubongo momwemo, makamaka kumunsi kwake kumene umalumikizana ndi msana, muli likulu la minyewa imene imayendetsa zinthu zomwe sitiziganizira n'komwe: kugunda kwa mtima, kufinyika ndi kumasuka kwa mitsempha ya magazi, thukuta, kugaya chakudya, kukula ndi kuchepa kwa kamwanadiso. Madokotala amati autonomic nervous system. Ili ndi mbali ziwiri. Ya sympathetic imafulumizitsa mtima ndi kufinya mitsempha, ya parasympathetic imautontholetsa kudzera mu mnyewa waukulu wotchedwa vagus, umene umatsika kuchokera kumutu kudzera m'khosi mpaka m'chifuwa ndi m'mimba. Mtima ukanasiyidwa wokha bwenzi ukugunda pafupifupi ka 100 pa mphindi. Munthu atakhala phee umagunda ka 60 kapena 70 chifukwa vagus amakhala akuugwira. Zili ngati galimoto: pali poponda moto, pali buleki. Mwa mnyamata wanuyu injini ikhoza kukhala yabwinobwino, koma phazi la dalaivala likuchedwa, likuponda moto mopitirira pofunika pang'ono, ndipo likusiya buleki nthawi yolakwika.

Tiyeni tione chimene chimachitika akamadzuka pabenchi. Akangoimirira, magazi okwana theka la lita kapena kuposerapo amatsikira m'miyendo ndi m'mimba. Obwerera kumtima amachepa, motero opita kumutu nawonso amafuna kuchepa. M'khosi, pamene mtsempha waukulu wopita kumutu umagawikana, komanso pa mtsempha waukulu wotuluka mumtima, pali timinyewa timene timamva kuti magazi aphwa mphamvu. Timatumiza uthenga kumunsi kwa ubongo, ubongo n'kulamula kuti mtima uwonjezere pang'ono, mwina ka 10 mpaka 20 pa mphindi, ndipo mitsempha ya m'miyendo ifinyike kuti ikankhire magazi m'mwamba. Zonsezi zimatha m'masekondi ochepa munthu osadziwa kanthu. Ubongo ukagwedezeka lamulo lija limatha kuchedwa kapena kubwera lopereŵera. Mitsempha ya m'miyendo ikapanda kufinyika mokwanira, ntchito yonse imagwera mtima, ndiye umathamanga kuti ukwaniritse. Chidima chija ndi masekondi amene ubongo wapereŵeredwa magazi, ndipo kuthamanga kwa mtimako ndi thupi likuyesetsa kukonza.

Apa mpamene pali yankho la BP imene inapezeka ili bwino. Anamuyeza atakhala pampando, atapuma, mwinanso atadikira pamzere kwa ola. Vutoli silikonda kuonekera munthu ali chikhalire. Limatuluka thupi likapatsidwa ntchito, monga kuimirira kapena kuthamanga. Mu 2004 ofufuza a ku Canada anayeza achinyamata osewera hockey amene anavulala ubongo. Anayang'ana kasinthasintha wa mpata wapakati pa kugunda kumodzi kwa mtima ndi kunzake, poti mtima wathanzi sugunda mofanana ndendende, umafulumira pang'ono pokoka mpweya n'kuchedwa pang'ono potulutsa. Anyamatawo atakhala pansi sankasiyana ndi anzawo osavulala. Atawakweza pa njinga yopalasa pamalo amodzi, kusiyana kunaonekera. Mawotchi ena amakono amayeza kasinthasintha ameneyu, koma ine sindingaweruzire mwana pa nambala ya wotchi, chifukwa imasintha ndi tulo, kutentha, mantha ngakhale kapu ya tiyi.

Nanga mutu umayambiranji akathamanga? Munthu wathanzi akamathamanga BP imakwera kwambiri, koma timitsempha ta muubongo timadzifinya tokha kuti magazi olowa asachuluke mopitirira. Timamveranso mpweya woipa wa carbon dioxide: ukachuluka m'magazi timatseguka, ukachepa timafinyika. Pambuyo pa concussion kudziwongolera kumeneku kumafooka. Gulu la ofufuza a pa University at Buffalo ku America linayeza atsikana ochepa ochita masewero amene zizindikiro zawo zinkakana kutha, ndipo linapeza kuti pothamanga ankapuma mopereŵera, mpweya woipa unkachuluka, magazi n'kumalowa muubongo mopitirira muyeso, ndipo mpamene mutu ndi chizungulire zinkayamba. Atachita masewero olimbitsa thupi oyezedwa bwino kwa masabata angapo, zinthuzi zinabwerera m'malo. Choncho litsipa la pa raundi yoyamba lija lili ndi pochokera. Zina zimene mungaone n'zochokera komweko: kusowa tulo, kutuluka thukuta popanda chifukwa, mseru, manja kuzizira, kukwiya msanga.

Nkhawa ya mayi ake musaipeputse, koma ndi nkhani ina. Marc-Vivien Foé wa Cameroon anagwa pakati pa bwalo ku Lyon mu 2003 popanda womugunda, ndipo atamuyeza anapeza kuti minofu ya mtima wake inali yokhuthala mopitirira. Christian Eriksen wa Denmark anagwa ku Copenhagen mu 2021, nayenso popanda womukhudza, mtima utaima, ndipo anapulumuka chifukwa anamupopa pachifuwa ndi kumutsitsimutsa ndi makina mwamsanga. Amenewo ndi matenda a mtima weniweniwo. Funsani mayiwo mafunso awa: kodi mwanayu anayamba wakomokapo ali mkati mothamanga? Amamva kupweteka pachifuwa akalimbika? Mtima umadumphadumpha mosalongosoka? Pali wachibale amene anamwalira mwadzidzidzi ali wamng'ono? Ali mwana anadwalapo zilonda zapakhosi zotsatana ndi kutupa kwa mfundo za miyendo ndi manja? Funso lomalizali ndi lofunika kuno kwathu, chifukwa matenda a mtima obwera pambuyo pa zilonda zapakhosi akadalipo ndithu pakati pa ana. Ngati yankho lili inde pa limodzi mwa amenewa, asathamange mpaka dokotala atamvetsera mtimawo ndi kuujambula pa ECG. Ngati onse ndi ayi, ndipo zonsezi zinayamba atagunda mutu, muuzeni mayiyo kuti mtima wa mwana wawo ukungomvera malamulo osokonekera, ndipo mwa achinyamata ambiri zimenezi zimatha.

Pemphaninso kuti amuyeze kuchuluka kwa magazi. Kuchepa kwa magazi, kusowa madzi m'thupi ndi kupita kusukulu osadya kanthu zimathamangitsa mtima mofananamo, ndipo zikakumana ndi concussion zimakulitsa vuto. Mumufunsenso bwino mtundu wa chizungulire chake. Chija cha kuda m'maso poimirira, chimene chimatha akakhala pansi, n'cha magazi. Koma ngati nyumba imazungulira akatembenuka pamphasa kapena akayang'ana kumwamba, nthawi zambiri vuto limakhala mkati mwa khutu, ndipo ngati chimabwera limodzi ndi kuuma kwa khosi, khosilo liyenera kuonedwa. Zimenezi zili ndi chithandizo chake chosiyana, ndipo a physiotherapy amazidziwa.

Pali kuyeza kumene mungachite nokha ndi wotchi kapena foni. Agone chagada mphindi 5 pamalo a mthunzi. Ikani zala ziwiri pamkono pake, m'munsi mwa chala chachikulu, muwerenge kugunda kwa masekondi 30 n'kuchulukitsa kawiri. Kenako aimirire pafupi ndi khoma, inu muli pambali pake, asamapondeponde kapena kuyankhula. Werenganinso pakatha mphindi imodzi, 3, 5 ndi 10, ndipo nthawi iliyonse mufunse mmene akumvera. Akayamba kuyera milomo kapena kunena kuti akugwa, agone pansi pomwepo, kuyezako kwatha. Kukwera kwa masekondi oyambirira n'kwachibadwa. Chimene tikufuna kuona ndi kukwera kokhalitsa. Kwa wamkulu malire ake ndi 30 pamwamba pa nambala ya chogona, kwa wazaka 12 mpaka 19 ndi 40. Mwachitsanzo, ngati chogona anali pa 68 ndipo pa mphindi ya 5 ndi ya 10 ali pa 112 uku akudandaula chidima, wadutsa malire. Zimenezi sizitanthauza kuti mwapeza dzina la matenda, chifukwa matenda a mtima wothamanga munthu akaimirira, otchedwa POTS, amatchulidwa vuto likakhala miyezi itatu. Koma mukalemba manambalawa m'kope n'kupita nawo kuchipatala, mumakhala mwawapatsa chinthu chogwirika, ndipo mungapemphe kuti BP ayeze kawiri, chogona ndi choimirira. Nambala yam'mwamba ikatsika ndi 20 kapena yam'munsi ndi 10 m'mphindi 3 zoyambirira, nachonso n'chizindikiro.

Tsopano za mankhwala ake, omwe ambiri amadabwa nawo. Kale tinkauza ovulala motere kuti agone m'chipinda cha mdima mpaka zonse zitatha. Malangizo amenewo anasintha. Kafukufuku wa mu 2015 ku America anayerekeza achinyamata amene anauzidwa kupumiratu masiku 5 ndi ena amene anapuma tsiku limodzi kapena awiri n'kuyamba kuyendayenda, ndipo opumiratu aja ndi amene anadandaula zizindikiro zambiri. Chifukwa china n'chakuti munthu akagona masiku angapo madzi a m'magazi amachepa ndipo minyewa ija imazoloŵera ulesi, motero akadzuka chizungulire chimakula. Mu 2019 Dr John Leddy ndi anzake ku Buffalo anafalitsa zotsatira za achinyamata 103 a zaka 13 mpaka 18. Theka linapatsidwa masewero opumitsa befu pang'ono kwa mphindi 20 tsiku lililonse, osafika pamene zizindikiro zimayambira, theka lina linkangodziwongola. Oyamba aja anachira pa masiku 13, enawo pa masiku 17, tikatenga wapakatikati. Msonkhano wa akatswiri a dziko lonse umene unachitikira ku Amsterdam mu 2022 unagwirizana zomwezo: kupuma pang'ono maola 24 mpaka 48 oyambirira, kenako kuyamba kuyenda.

Ku Buffalo amagwiritsa ntchito makina othamangirapo, amawonjezera chitunda mphindi iliyonse mpaka zizindikiro zitakwera, n'kulemba liwiro la mtima pamenepo. Inu mulibe makinawo, koma muli ndi bwalo, wotchi ndi zala. Dokotala akavomereza kuti palibe choopsa china, chitani motere. Musanayambe mufunseni kuti pa 0 mpaka 10 mutu ndi chizungulire zili pati. Tinene kuti wati 2. Ayambe kuyenda mwandawala m'mbali mwa bwalo, m'mawa kapena dzuwa litapepa, osati masana a mu Okutobala. Liwiro lalikulu la mtima timaliyerekeza pochotsa zaka pa 220, ndiye kwa iye ndi 204. Masiku oyamba asapitirire 55 peresenti yake, yomwe ndi 112. Zikayenda bwino akwere mpaka 70 peresenti, yomwe ndi 143. Mphindi zingapo zilizonse aime, muwerenge kwa masekondi 15 n'kuchulukitsa kanayi, mufunsenso nambala ija. Ikakwera kufika pa 3 kapena 4 n'kutsika ola lisanathe, palibe cholakwika. Ikafika pa 5, aime, mulembe liwiro la mtima pamenepo. Ngati linali 140, mawa likhale pakati pa 112 ndi 126, omwe ndi 80 mpaka 90 peresenti ya 140, kwa mphindi 15 mpaka 20. Pakatha masiku angapo muyesenso, ndipo mudzaona malire aja akusuntha. Ngati kuimirira ndi kumene kukumuvuta kwambiri, njinga yopalasa pamalo amodzi ndi yabwino koposa. Yapamsewu ayi, kuopa kugwa n'kugundanso mutu.

Anyamata a msinkhu uwu amabisa, makamaka anzawo akamawatchula alesi. Mukamufunsa pagulu adzati ali bwino. Mufunseni pambali, ndipo muziyang'ana nkhope: kutsinzinira kuwala, kugwira pachipumi, kuchedwa kuyankha. Anzakewo muwauze inuyo kuti ameneyu ndi wovulala mofanana ndi amene wabinya bondo. Mawu a kochi amalemera kuposa a dokotala pa timu ya ana.

Zina n'zapakhomo. Amwe madzi okwanira kuti mkodzo ukhale woyera, adye m'mawa ngakhale phala, ndiwo zikhale ndi mchere wake wa masiku onse. Podzuka ayambe wakhala kaye m'mphepete mwa bedi, alimbitse akatumba a miyendo kangapo, kenako aimirire. Mowa, chamba ndi zakumwa zija amati zopatsa mphamvu asakhudze. Panado angamwe mutu ukavuta, koma osati tsiku lililonse, ndipo asamwe asanayambe kuyenda kuja chifukwa angabise chizindikiro chimene mukuchidalira. Kusukulu azipita, ngakhale theka la tsiku poyamba, ndipo aphunzitsi adziwitsidwe kuti kuimirira nthawi yaitali pa asembule padzuwa kungamugwetse.

Zoti ayambe liti, musawerenge masiku okha. Ayambe watha kuthamanga mwamphamvu popanda mutu kapena chizungulire. Kenako achite za mpira payekha, monga kuthamanga nawo ndi kupatsirana, popanda hedi. Kenako alowe m'zokonzekera za timu zopanda kugundana. Zogundana ndi hedi zibwere dokotala atamuonanso, masewero enieni pomalizira. Sitepe iliyonse itenge tsiku limodzi kapena kuposerapo, ndipo zizindikiro zikabwerera abwerere pambuyo. Malangizo amene boma la Britain linatulutsa mu 2023 a matimu a m'madera ndi m'masukulu amati wosewera akhale masiku 14 opanda chizindikiro asanayambe zogundana, ndipo asasewere mpikisano masiku 21 asanakwane chivulalireni. Kwa timu yopanda dokotala wakewake, ine ndimaona kuti muyeso umenewu ndi woyenera, ndipo mnyamata wanu, poti akadali ndi zizindikiro pa sabata yachiwiri, adzapitirira pamenepo. Chifukwa chosathamangira n'chakuti kayendedwe ka magazi muubongo kamatha kuchedwa kubwerera m'malo ngakhale munthu akumva bwino. Rowan Stringer, mtsikana wa zaka 17 wosewera rugby ku Ottawa, anamwalira mu Meyi 2013 atagundidwa mutu kachitatu m'masiku osakwana sabata. Anali atauza anzake pa foni kuti akuganiza kuti wavulala, koma akuluakulu sanadziwe. Ubongo wake unatupa mwadzidzidzi. Imfa zotere ndi zosowa, koma zimagwera makamaka ana ndi achinyamata, ndipo iyi inachititsa kuti chigawo cha Ontario chikhazikitse lamulo la Rowan's Law mu 2018.

Pali zizindikiro zimene sizidikira mawa, kaya kwa iyeyu kapena wina amene adzagunde mutu mtsogolo: mutu womka nukulirakulira, kusanza mobwerezabwereza, kugona kovuta kudzutsa, kugwa ngati wakhunyu, kufooka kapena dzanzi la mkono kapena mwendo, kuona zinthu ziwiriziwiri, kulankhula zosamveka, kupweteka kwambiri kwa khosi, madzi kapena magazi otuluka m'khutu. Ndipo dziwani ichi, poti tikukamba za mtima: munthu wovulala mutu amene akunka nafooka, mtima wake n'kumagunda pang'onopang'ono, BP ikukwera, kupuma kukudukizadukiza, ameneyo ali pangozi yaikulu kuposa wa mtima wothamanga. Zimasonyeza kuti m'chibade mwapanikizika, mwina ndi magazi, ndipo afunika chipatala chachikulu nthawi yomweyo.

Achinyamata ambiri amachira mkati mwa masabata anayi. Kafukufuku wa ku Canada wa mu 2016, wa ana oposa 3,000 amene anafika kuchipatala ndi concussion, anapeza kuti pafupifupi atatu mwa 10 alionse anali akadali ndi zizindikiro patatha masiku 28, choncho kuchedwerapo si chachilendo. Akafika pa sabata yachinayi manambala a m'kope muja asakusuntha, pemphani kalata yomutumiza ku chipatala chachikulu, ndipo kopelo apite nalo. Alipo mankhwala ochepetsa liwiro la mtima, koma mayi ake asawagule okha ku famase. Mwa mwana amene mtima ukuthamanga pofuna kukweza magazi kumutu, mankhwala otere akaperekedwa mosayeza akhoza kuwonjezera chidima chija mpaka kumukomola.